Timange chiliza cha mphwanga, kapena ndalamazi zikathandize ana ena odwala khansa?

Malume wa ku Mufakose

Abale anga a mu Harare muno, ndi inu muli kutali, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa milungu itatu tsopano. Mundipirire, ndiyambira patali pang'ono.

Mwezi wa Ogasiti ukubwerawu chikwana chaka chitisiyireni mphwanga, mwana wachisamba wa mlongo wanga. Anali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Dzina lake sindilemba pano chifukwa mayi ake sindinawapemphe, koma pa bwalo la mpira aliyense ankangomuitana kuti Goloboyi, ndiye inenso ndimutcha choncho. Anali wamtali kuposa ine malume ake, manja aatali, ndipo magolovesi ake ankawachapa yekha n'kuwayanika pa waya, osalola wina kuwakhudza.

Matenda anayamba ngati masewera. Bondo lakumanzere linkamupweteka, iye n'kumati anagundana ndi mnzake pa golo. Ku kiliniki ina anamupatsa mapiritsi opha ululu ndi bandeji. Ife kunyumba tinkati mwana akukula, mafupa akutalika. Ine ndemwe ndinakagula mankhwala opaka ku Mbare Musika, n'kumamutikita madzulo ndikaweruka ku ntchito. Tinataya miyezi itatu choncho. Chomwe tinkayenera kuchiona ndi chakuti ululuwo unkakula usiku. Mlongo wanga ankamupeza cha m'ma 2 koloko atakhala pakhomo la khitchini mumdima, atagwira bondo, osafuna kudzutsa azing'ono ake. Kenako pamwamba pa bondo panatupa, polimba ngati papaya wosapsa, potentha ukagwira.

Atamujambula X-ray ndi kudula kachidutswa ka fupa kukapima, adokotala anatchula dzina lomwe ndinawapempha kuti abwereze kawiri, n'kulilemba kuseri kwa lisiti la magetsi: osteosarcoma. Khansa ya m'mafupa. Analandira chemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, tsitsi linatha, m'kamwa munatuluka zilonda. Mwendo anaudula pamwamba pa bondo. Anaphunzira kuyenda ndi ndodo mwachangu zedi, mpaka ankapita kukaonera anzake akusewera. Koma matenda anali atafika kale m'mapapo. Tinamuika kumanda a Granville, kuja timati ku Mbudzi.

Tsopano nkhani ndi iyi. Achibale, a ku tchalitchi ndi anzanga a chipereganyu tinasonkha ndalama ya chiliza. Yakwana madola 1,300 a ku America, ndipo ndinali nditasankha kale mwala wakuda wosalala wokhala ndi chithunzi chake. Mwezi wathawu mlongo wanga anandiitana, n'kundiuza kuti mwalawo sakuufuna.

Mu wodi mmene ankagonekedwa munalinso kamtsikana ka ku Gokwe, kutali ndi Harare, ka zaka ngati 9, kokhala ndi agogo ake aakazi. Kankamutcha Goloboyi kuti mukoma, kutanthauza achimwene, monga amachitira anzathu Achishona. Atamaliza chigawo chimodzi cha chemo anawatulutsa kuti akabwerenso pakatha milungu itatu. Agogo aja anauza mlongo wanga kuti ulendo wapitawo anagulitsa mbuzi yomaliza kuti apeze ya basi. Milungu itatu inatha, sanabwere. Inakwana isanu ndi umodzi, osabwera. Goloboyi nthawi iliyonse tikapita naye ankayamba wasuzumira pa bedi lija.

Pokonza katundu wake atamwalira, mlongo wanga anapeza sokosi ya mpira yakumanzere, ya mwendo unadulidwa uja, itamangidwa mfundo. Mkati munali madola 23, timapepala ta dola imodzi imodzi tomwe alendo ankamupatsa kuti agule maheu. Munalinso kapepala kong'ambidwa mu kope la masamu, atalembapo mawu awiri okha: ya basi.

Ndiye mlongo wanga akuti ndalama yonse ya chiliza ipite kwa ana ngati ameneyo. Koma amayi athu, agogo ake a mwanayu, ali ku Dedza, ndipo atamva zimenezi anangoti: mwana wagona kuchilendo, mukufunanso agone ngati wopanda abale? Chilankhulireni mawu amenewo sakuyankha foni ya mlongo wanga.

Ine ndiye malume, mwini mbumba, onse akuyang'ana ine. Ndichite bwanji kuti ndisaswe mtima wa mayi wobereka komanso wa agogo? Ndipo ngati tipereka, tipereke kuti, motani, kuti ndalamayo ikasandukedi tikiti ya basi m'manja mwa mwana?

Mayi wa Chigwirizano, Highfield

Pepani achimwene, pepani ndithu. Nkhani ya sokosiyo ndawerenga kawiri, ulendo wachiwiri ndinaika foni pansi.

Koma ndiwayankhulireko agogo, chifukwa ine msinkhu wanga wayandikira wawo. Musawaone ngati akukakamira mwala. Makolo athu anabwera m'dziko muno wapansi, ena pa magalimoto onyamula antchito otchedwa Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi ku njanji. Ambiri sanabwerere, kumudzi n'kumangowatcha machona. Palibe banja la ku Dedza kapena ku Ntcheu lomwe lilibe munthu amene anafera kuno koma manda ake osadziwika. Agogowo akamva zoti mdzukulu alibe chiliza, bala limene likutukusuka ndi limenelo.

Ndipo manda amasowadi. Alamu anga tinawaika kumanda ena mtauni muno, tinangozika kachikwangwani kachitsulo. Patapita zaka zinayi tinapita ndi ana awo, dzinja litadutsa, udzu wofika m'chiuno, kachitsulo kaja dzimbiri lokhalokha. Tinazungulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Tinapemphera pa mtumbira womwe mpaka lero mtima wanga sukhazikika nawo.

Ndiye ine ndikuti chiliza mumange, koma chisakhale chopikisana ndi a pafupi. Njerwa, simenti, kamwala kakang'ono kolembapo dzina, tsiku lobadwa ndi tsiku lomwalira. Chimenecho chikwanira kuti azing'ono ake akadzakula adzapeze pogwada. Yotsalayo ipite kumene mwanayo analoza yekha.

China, agogo musawatumizire mawu ojambula pa WhatsApp kudzera pa foni ya mdzukulu wina. Aimbireni inuyo, nthawi ya madzulo atadya, ndipo muyambe ndi kupepesa kuti nkhani anaimva itapsa kale. Kodi za sokosi munawauza? Ndikukayika.

Namwino wopuma, Dzivarasekwa

Bambo, ndiyambe ndi miyezi itatu mukudziimba nayo mlanduyo. Osteosarcoma ndiyo khansa ya m'mafupa imene imapezeka kwambiri mwa achinyamata, imakonda msinkhu womwe mwana akutalika mofulumira, ndipo malo amene imakonda kuyambira ndi pafupi ndi bondo, kumunsi kwa fupa la ntchafu kapena kumtunda kwa fupa la msongolo. Ndiye taganizani, mnyamata wosewera mpira, wa msinkhu umenewo, akudandaula bondo. Ndi kholo liti lomwe lingaganize za khansa tsiku loyamba? Kugundana pa mpira sikumene kunabweretsa matendawa, ndipo kutikita kwanu sikumene kunawapititsa m'mapapo. Khansa imeneyi ikafuna kufalikira imathamangira m'mapapo, ndiwo mkhalidwe wake, nthawi zina mwana asanayambe n'kutsimphina komwe.

Zomwe mlongo wanu anaona pa kamtsikana ka ku Gokwe ndi limodzi mwa mavuto aakulu pa chithandizo cha khansa ya ana m'maiko athu ano, kusiyira mankhwala panjira. Chemo si jakisoni mmodzi. Amapereka m'zigawo kwa miyezi yambiri, mwana n'kumapuma pakati kuti thupi libwerere, ndipo chigawo chilichonse ndi ulendo wina wa anthu awiri, wodwala ndi womudikirira. Ana odwala khansa ochokera m'zigawo zambiri za dziko lino amabwera ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa mu Harare muno, ena kuchokera mtunda wa makilomita mazanamazana. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amanena kuti m'maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 aliwonse odwala khansa amachira, pomwe m'maiko ambiri osauka safika 30. Mu 2018 anakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti pofika 2030 chiwerengerochi chifike 60 mwa 100 padziko lonse. Mbali ina ya mpata umenewo ndi mankhwala ndi makina, inde, koma mbali ina ndi kufika mochedwa ndi kulephera kubwerera. Mphwanuyo ali pa bedi anaona chinthu chenicheni.

Kopereka: pitani mukaonane ndi a KidzCan, bungwe la mu Harare muno lomwe ntchito yake ndi kuthandiza ana odwala khansa pa mankhwala, zopimitsa, chakudya ndi mayendedwe. Mwina mlongo wanu anakumana nawo kale. Pitani nokha ku ofesi kwawo, mukafotokoze kuti mtima wa banja uli pa ndalama ya basi, mufunse ngati zingatheke kuti mphatso yanu ilunjike kumeneko, ndipo mutenge lisiti. Musalowe mu wodi ndi envelopu n'kumagawa. Mukatero amene alandire ndi amene ali pafupi ndi chitseko komanso olimba mtima kupempha, pomwe gogo wamanyazi uja wakhala pakona angokuyang'anani. Komanso ana a pa chemo chitetezo cha m'thupi chimakhala chotsika, chimfine cha mlendo mmodzi chikhoza kuwagoneka.

Pali mphatso ina yosafuna dola. Chemo imatsitsa magazi, ndipo ana amenewa amathiridwa magazi pafupipafupi. A National Blood Service Zimbabwe amalandira magazi kuchokera kwa munthu wa zaka 16 kupita m'tsogolo, wolemera makilogalamu osachepera 50, wathanzi. Anzake a mpira aja ambiri afika kale pa msinkhu umenewo.

Ndipo kwa nonse mukuwerenga, bondo kapena fupa la mwana likamapweteka kwa milungu ingapo osasintha, makamaka ululu womudzutsa usiku, kapena pakatupa, pemphani X-ray. Musachite manyazi kubwereranso kachiwiri ndi kachitatu.

Pomaliza, mlongo wanuyo akugona? Akudya? A Island Hospice, omwe anayamba mu 1979 ndipo anali oyamba a mtundu wawo mu Africa muno, amakhala pansi ndi anamfedwa kuwathandiza pa chisoni. Muwatchulireko.

Msungichuma wa sosaite, Rugare

Malume, pepani ndi zovutazi. Ine ndilankhula zowawa pang'ono, mundikhululukire, ndasunga buku la sosaite ya maliro kwa zaka 19 ndipo ndaona mabanja akudana chifukwa cha ndalama yochepa kuposa imeneyi.

Ndalamayo si yanu, si ya mlongo wanu. Munthu aliyense amene anaponyamo dola zisanu anauzidwa kuti ndi ya chiliza. Mukaitenga n'kupita nayo kwina, ngakhale kwabwino chotani, osawafunsa, mawa mukadzaitanitsa msonkho wina anthu adzayamba kukanda m'mutu. Ndipo sadzanena pamaso panu. Adzanena pa maliro a wina, chapansipansi, kuti ya chiliza ija inalowera kuti.

Tengani buku lomwe munalembamo maina. Muimbire aliyense, kapena muwaitane Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi. Muwauze nkhani yonse monga mwatiuzira ife. Wovomera alembedwe kuti wavomera, wokana ndalama yake ikhale ya chiliza, popanda kumuyang'ana ndi diso loipa. Mukapereka ku bungwe, lisiti mulijambule, aliyense alione.

Chachiwiri, ndifunse funso lomwe ena akuopa. Matendawa anasiya ngongole zingati m'nyumba mwa mlongo wanu? Azing'ono ake a malemuyo fizi yawo inalipiridwa? Munthu wolira amatha kupereka chilichonse, mpaka bulangete lomwe wafunda. Inu monga malume ntchito yanu ndi kuona zimenezo iye asanazione. Sindikuti musapereke. Ndikuti muyambe mwawerenga za m'nyumba.

Mphunzitsi wa ku Mabvuku

Zomwe anena a msungichuma ndi zoona, ndipo ndiwonjezepo kuti madola chikwi akhoza kutha msanga, ana n'kumabwerabe. Ndiye maganizo anga ali pa chaka chamawa ndi chinacho.

Ana anga a sukulu ndimawauza za mnyamata wina wa ku Canada, Terry Fox. Matenda ake anali omwewa, osteosarcoma, pa bondo. Anamudula mwendo wakumanja mu 1977 ali ndi zaka 18. Pa 12 Epulo 1980 anayamba kuthamanga ndi mwendo woikirira kuchokera ku St. John's, kufuna kudutsa dziko lonse la Canada kuti asonkhetse ndalama ya kafukufuku wa khansa. Anathamanga masiku 143, makilomita 5,373, mpaka anaima pafupi ndi Thunder Bay chifukwa matenda anali atalowa m'mapapo. Anamwalira mu Juni 1981 ali ndi zaka 22. Mpaka lero anthu amathamanga chaka ndi chaka m'dzina lake. Chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti ankangopempha dola imodzi kwa munthu aliyense wa m'dziko lake.

Inu muli ndi bwalo la mpira ndi anyamata omwe akumusowa mnzawo. Loweruka limodzi mu Ogasiti, matimu anayi kapena asanu ndi limodzi, aliyense wolowa aponye dola m'chidebe chomata, amayi agulitse maputi ndi mandasi. Chidebe chitsegulidwe pamaso pa anthu atatu osakhala a banja limodzi. Wolandira mphoto yaikulu tsiku limenelo akhale goloboyi amene wagwira bwino, osati womwetsa zigoli. Mukafuna timu ya ku Mabvuku, ndibwera nayo ndi kombi, mafuta ndi anga.

Koma musathamangire kuyambitsa bungwe lanulanu. Muno muli lamulo la Private Voluntary Organisations lomwe limayang'anira mabungwe opempha thandizo kwa anthu, ndipo kulembetsa kumadya nthawi ndi ndalama yomwe ikanakweza ana basi. Kambiranani ndi bungwe lolembetsedwa kale kuti tsikulo lichitike iwo akudziwa, zomwe zapezeka zipite kwa iwo.

Malume wa ku Mufakose

Zikomo nonse, zikomo kwambiri. Ndakhala chete masiku khumi chifukwa ndimatsata zomwe munandiuza, chimodzichimodzi.

Amayi a ku Highfield, munalasa. Za sokosi agogo sankadziwa. Mlongo wanga anangowauza kuti chiliza ayi, mawu n'kumuthera pakhosi, foni n'kudula. Ndinawaimbira Lachitatu madzulo. Nditafika pa kapepala kaja anakhala chete nthawi yaitali, ine n'kumamva nkhuku zikulowa m'khola kumbuyo kwawo. Kenako anafunsa kuti kamtsikanako kanali ka mtundu wanji. Ndinati Mshona, kapena Mtonga, wa ku Gokwe. Anati aaa, mwana ndi mwana. Koma pa chiliza sanasunthe, ndipo anandiuza chomwe sindinkachidziwa, kuti atate awo, agogo anga, anafera pa pulazi ina ya fodya kuno iwo ali kamtsikana, ndipo palibe wa kumudzi anaonapo manda awo. Zaka zonsezi sanatiuzepo. Anati dzina lokha lilembedwe pa mwala, lisafufutike, za chithunzi ndi kunyezimira alibe nazo ntchito.

A msungichuma, Lamlungu ndinawerenga maina onse 41 a m'buku. Anthu 36 avomera. Atatu akuti yawo ikhale ya chiliza basi, ndipo ndawathokoza chimodzimodzi. Awiri sindinawapeze, yawo ndaiika ku chiliza. Funso lanu la ngongole linandibaya, chifukwa linali loona: fizi ya mng'ono wake ya temu ino inali isanathe. Imeneyo ndalipira ine, ya m'thumba mwanga, sindinakhudze ya msonkho.

Ndiye tagwirizana kuti 400 imange chiliza, 900 ipite kwa ana. Mmisiri ndi mkulu wina wa mpingo wathu, wakana kulandira ya ntchito. Ku ofesi ya bungwe lija tipita Lachisanu, ine ndi mlongo wanga ndi mlembi wa chipereganyu. Madola 23 aja mlongo wanga wakana kuwaphatikiza ndi enawo. Akuti akapereka yekha, pa lisiti lakelake, timapepala tomweto, koma sokosi ndi kapepala asunga.

Mayi namwino, ayi, sakugona. Amadzuka 2 koloko yomwe ija n'kukakhala pakhomo la khitchini. Za Island Hospice ndamuuza, sanayankhe, koma nambala anailemba. Mawu anu aja akuti kutikita kwanga sikunafalitse matenda ndinawawerenga ndili mu kombi, ndipo ndinatsika ndisanafike pa siteji yanga.

Aphunzitsi, anyamata a timu yake amva ndipo akufuna kuyamba mawa lomwe. Asanu ndi awiri mwa iwo akwanitsa zaka 16 ndipo akuti akapereka magazi limodzi, atavala yunifolomu ya timu. Ndikulemberani kumbali kuti tikonze tsiku.

Chatsala ndi chimodzi. Agogo apempha golovesi imodzi ya mdzukulu wawo, akuti ina itsale ndi mayi ake. Sindikufuna kuitumiza ngati katundu wamba pansi pa basi, pakati pa matumba a sopo ndi mafuta ophikira. Ngati pali wina akukwera basi ya ku Lilongwe mwezi uno, yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete n'kukalowera pa Dedza, amene angaisunge m'chikwama cha m'manja, chonde andiuze. Msuweni wanga akadikira pa boda, ndipo ine ndibweretsa ndekha ku depoti ya mabasi ya Roadport.